MUNTHU NDI KHOSWE: MBIRI YA NKHONDO YA M'NYUMBA

Ino ndi nyengo yokolola. Chimanga chayamba kuloŵa m'nkhokwe, mtedza uli padzuŵa, ndipo m'nyumba zambiri muli matumba amene banja lonse likudalira kufikira dzinja likudzali. Koma si ife tokha amene tikukondwera. Nyale ikazima usiku uno, tcherani khutu kudenga. Mudzamva phokoso la timapazi tikuthamangitsana pamitanda, ngati ana akuseŵera chipako. Ameneyo ndiye mwini nkhani yathu ya lero, khoswe.

Chilankhulo chathu chidasiyanitsa kale zinthu ziŵiri zimene alendo amasokoneza. Mbeŵa ndi ya kumunda ndi kutchire: kapuku, phanya ndi anzawo. Anyamata amaikumba m'chilimwe, ndipo kwa ambiri a ife ndi ndiwo. Khoswe ndi wa m'nyumba, ndipo palibe amene amamuika pamoto. Mbeŵa timachita kupita kukaifuna, koma khoswe amabwera yekha kudzatifuna.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Nditangotsiriza maphunziro a uphunzitsi, adanditumiza ku sukulu ina ya kumudzi ndi kundipatsa kanyumba ka zipinda ziŵiri. Ndi malipiro anga oyamba ndidagula matumba atatu a chimanga, ndipo ndidaŵaunjika pansi motsamira khoma. Mwezi usanathe makoswe adaboola matumba onse, adadya sopo, nalumanso m'mphepete mwa buku la maina a ana a m'kalasi langa. Ndidatchera msampha ndi kupha asanu ndi mmodzi, koma otsalawo adaleka kuuyandikira. Tsono ndidagula mankhwala pamsika ndi kuŵasakaniza ndi mkute. M'maŵa mwake sindidapeze khoswe wakufa ngakhale mmodzi, koma nkhuku zitatu za amayi ena achikulire oyandikana nawo zidali zitafera kuseri kwa nyumba yanga. Ndidapita kukapepesa mwamanyazi. Iwo sadakalipe. Adabwera kudzaona m'nyumbamo, adayang'ana matumba aja ndi mpata umene udali kunsi kwa chitseko, nati: "Aphunzitsi, alendoŵa mudaŵaitana nokha. Mwaŵaphikira, mwaŵayalira mphasa, chitseko mwasiya chosatseka. Tsono mukuŵapheranji?"

Zimene ndaŵerenga m'mabuku a mbiri yakale kuyambira tsiku limenelo zandionetsa kuti maiko akuluakulu adayenda njira yomwe ndidayenda ine, ndipo zidaŵatengera zaka mazanamazana kuti afike pamene adali amayi aja.

Khoswe ndi mlendo m'dziko lino. Kwawo kwenikweni kwa khoswe wakuda wa padenga ndi ku India ndi maiko oyandikana nako. Mbale wake wamng'ono, kambeŵa ka m'nyumba kamene kamasautsa anthu a ku Europe ndi a m'mizinda ya pa madoko, kadayamba kukhala ndi anthu zaka pafupifupi 15,000 zapitazo m'dera la mtsinje wa Jordan, pamene anthu a kumeneko adayamba kumanga nyumba zokhalitsa ndi kusunga njere zakutchire. Chimene chidakaitana ndi chakudya chounjikidwa pamalo amodzi. Ku Africa ya kuvuma khoswe adafika pa zombo za amalonda a pa nyanja ya India. Ofukula zakale adapeza mafupa ake ku Unguja Ukuu, pa chilumba cha Zanzibar, m'dothi la zaka zoposa 1,000 zapitazo. Kuchokera kugombe adaloŵa kumtunda pang'onopang'ono potsata njira za malonda, ndipo sitima zapamadzi, sitima zapamtunda ndi malole zidamufikitsa kumene miyendo yake sikadamufikitsa.

Mphamvu ya mlendo ameneyu ndi kubereka. Wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu okha, amaswa ana asanu kapena asanu ndi atatu nthaŵi imodzi, ndipo anawo akakwana miyezi itatu nawonso amayamba kuswa. Mano ake akutsogolo saleka kukula moyo wake wonse, n'chifukwa chake amangoluma chilichonse: thabwa, pulasitiki, ngakhale nthambo za magetsi. Tisaiŵale zimenezi pamene tikuona zida zimene munthu adayesa kumenyera nkhondoyi.

Chida choyamba chidali mphaka. Mphaka wakutchire adadza yekha pafupi ndi midzi ya alimi oyamba chifukwa cha mbeŵa zimene zinkazungulira mbeu zawo, ndipo anthu adamulola kukhala. Pa chilumba cha Cyprus ofukula zakale adapeza manda a zaka 9,500 zapitazo, m'mene munthu adaikidwa pafupi ndi mphaka. Ku Egypt, dziko la nkhokwe zikuluzikulu za tirigu, mphaka adalemekezedwa mpaka kukhala chizindikiro cha mulungu wawo wamkazi Bastet, ndipo amphaka akafa ankakonzedwa ndi kukulungidwa m'nsalu monga ankachitira ndi mitembo ya anthu. Amalinyero nawo ankatenga amphaka m'zombo zawo, kotero kuti khoswe ndi mdani wake adazungulira dziko lapansi m'chombo chimodzi.

Komabe mphaka ali ndi malire ake, ndipo phunziro lake lidachokera ku Marion, chilumba chozizira cha dziko la South Africa, kutali m'nyanja ya kumwera. Mu 1949 anthu oyeza zanyengo amene ankakhala kumeneko adatengerako amphaka asanu kuti athane ndi mbeŵa za m'nyumba zawo. Amphakawo adaona kuti mbalame za m'nyanja zoikira mazira m'mauna n'zosavuta kugwira ndiponso n'zonona kuposa mbeŵa. Pofika 1977 adali ataswana mpaka 3,400, ndipo ankapha mbalame zoposa 400,000 pachaka. Boma lidagwira ntchito zaka zambiri kuti liŵathetse, ndipo lidatsiriza mu 1991. Mbeŵa zija zidatsala, ndipo pambuyo pake zidayamba kudya anapiye a mbalame ali amoyo. Mphaka ndi mlonda wabwino pa nyumba imene makoswe ndi ochepa, koma sangathetse yekha khamu limene mwini nyumba akulidyetsa.

Kwa nthaŵi yaitali khoswe ankaonedwa ngati mbala chabe. Chimene chidamusandutsa mdani wa maboma ndi mliri umene madokotala amautcha bubonic plague, nthenda yotupitsa anabere m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche. M'mwezi wa Okutobala 1347 zombo zidakocheza pa doko la Messina ku Sicily, amalinyero ake akudwala nthendayi. Pofika 1351 idali itapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Europe, ndipo ena amati oposa pamenepo. Anthu adanamizira mpweya woipa ndi nyenyezi, ndipo m'mizinda yambiri adanamizira Ayuda ndi kuŵapha popanda mlandu. Mu 1665, mliri utabukanso mu London, akuluakulu a mzindawo adalamula kuti agalu ndi amphaka aphedwe. Palibe amene adaganizira kanyama ka padenga.

Choonadi chidadziŵika mochedwa. Mu 1894 mliri udabuka ku Hong Kong, ndipo dokotala Alexandre Yersin, akugwira ntchito m'kanyumba ka udzu, adapeza kachirombo koyambitsa nthendayi m'matupi a anthu ndiponso m'makoswe akufa. Funso lidatsala lakuti kachiromboko kamachoka bwanji mwa khoswe kuloŵa mwa munthu. Adaliyankha ndi Paul-Louis Simond ku Karachi mu 1898. Iye adaika khoswe wodwala, wokhala ndi nthata, m'botolo lalikulu, ndipo m'botolo momwemo adapachika kakhola ka waya mmene mudali khoswe wamoyo bwino, kuti aŵiriwo asakhudzane. Wodwala uja atafa, nthata zidalumphira kwa mnzake, ndipo patapita masiku nayenso adafa ndi nthenda yomweyo. Thupi la khoswe likazizira nthata zimachoka kukafuna magazi ena, ndipo m'nyumba amene ali pafupi ndi munthu. Ku India kokha mliri umenewo udapha anthu oposa 10 miliyoni kuyambira 1896.

Zombo zidaufikitsanso kum'mwera kwa Africa. Utabuka ku Cape Town mu 1901, boma la atsamunda lidaloza chala anthu akuda, ndipo oposa 6,000 lidaŵachotsa mumzinda ndi kuŵatsekera kumalo amene pambuyo pake adatchedwa Ndabeni. Mu 1904 udabuka ku Johannesburg, kumene makolo athu opita ku migodi ankati ku Joni. Akuluakulu adatentha dera lonse limene munkakhala Amwenye ndi anthu akuda, ndipo eni ake adaŵasamutsira ku Klipspruit, malo amene adadzakhala chiyambi cha Soweto. Nthenda ya makoswe idasanduka chodzikhululukira chothamangitsira anthu, makoswewo ali phee m'madoko ndi mosungira katundu.

Kwathu kuno nthendayi idaoneka ku Karonga m'zaka za Nkhondo Yoyamba ya dziko lonse, ndipo idabukanso m'boma la Nsanje mu 1997 ndi mu 2002. Ku Zambia idavuta ku Namwala mu 1997, ndipo ku Madagascar mu 2017 idapha anthu oposa 200. M'maiko athu ano kapuku nayenso ali ndi mbali yake, pakuti amayenda pakati pa munda ndi nyumba, ndipo angathe kutenga nthata za kutchire kudzapatsira khoswe wa padenga. Lero nthendayi imachizika ndi mankhwala a kuchipatala munthu akafika msanga. Chofunika kukumbukira n'chakuti makoswe akayamba kufa okha m'mudzi popanda amene waŵathira mankhwala, limenelo si dalitso koma chenjezo. Musaŵagwire ndi manja, musalole ana kuseŵera nawo, ndipo dziŵitsani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Iwo amayamba ndi kupha nthata, kenaka makoswe, chifukwa kupha makoswe nthata zili moyo ndiko kuzitumiza kwa anthu.

Maboma atadziŵa kuti khoswe ndi wakupha, adaganiza za chida chachiŵiri, ndalama. Nkhani yotchuka ndi ya mzinda wa Hanoi ku Vietnam, umene nthaŵi imeneyo unkalamulidwa ndi France. Atsamunda adakumba ngalande zapansi zochotsera zonyansa m'dera limene ankakhala iwo, ndipo ngalandezo zidasanduka misewu ya makoswe yofika mpaka m'nyumba za mabwana. Mu 1902 adalemba anthu ntchito yopha makoswe, ndipo tsiku lina m'mwezi wa Juni adapha oposa 20,000. Ataona kuti sakutha, adalengeza kuti aliyense wobweretsa mchira wa khoswe adzalandira senti imodzi. Michira idabwera yambirimbiri, akuluakulu nakondwera. Posapita nthaŵi anthu adayamba kuona makoswe opanda michira akuyenda mumzinda. Alenje aja ankadula mchira ndi kumumasula khosweyo kuti akaswe ena, ndipo kunja kwa mzinda kudapezeka anthu amene ankaŵeta makoswe ngati nkhuku. Boma lidaleka kulipira, mliri nufika ndithu. Munthu amene khoswe wasanduka munda wake sangafune kuti khosweyo athe.

Chida chachitatu ndi msampha, ndipo pano makolo athu sadatsalire. Diŵa, mwala waphanthiphanthi woimikidwa pa kamtengo, nyambo ili pansi pake, limagwira ntchito mofanana ndi msampha wa m'sitolo: kanyama kakakhudza nyambo, chinthu cholemera chimakagwera. Msampha wa thabwa ndi waya umene timaudziŵa udalembetsedwa ku America ndi William Hooker mu 1894, ndipo James Henry Atkinson wa ku Leeds, ku England, adapanga wake wotchedwa Little Nipper zaka zoŵerengeka pambuyo pake. Kuyambira pamenepo sudasinthe kwenikweni. Ubwino wake n'ngwakuti umapha msanga, mtembo umaoneka, ndipo suika poizoni m'nyumba. Vuto lake ndi lija ndidakumana nalo ine: khoswe amakayikira chinthu chilichonse chachilendo chimene chaikidwa pa njira yake. N'chifukwa chake odziŵa amaika misampha ingapo nthaŵi imodzi, m'mbali mwa khoma m'mene iye amadutsa, ndipo kwa masiku aŵiri kapena atatu amaikapo nyambo ya mtedza kapena usipa osaitchera, kuti azoloŵere. Akazoloŵera ndi pamene amaitchera yonse usiku umodzi.

Chida chachinayi, chimene ambiri timathamangira, ndi mankhwala. Akale ankapha msanga, koma khoswe amalaŵa pang'ono chakudya chachilendo, ndipo akamva kudwala sachibwereranso. Njira yogonjetsera kuchenjera kumeneku idachokera ku khola la ng'ombe. M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za alimi a kumpoto kwa America ndi ku Canada zinkafa ndi kukha magazi kosaleka zikadya udzu wouma wa sweet clover umene udachita nkhungu. M'chaka cha 1933 mlimi wina adafika ku yunivesite ya Wisconsin atanyamula ng'ombe yakufa ndi chitini cha magazi osaundana, ndipo adakumana ndi katswiri Karl Paul Link. Link ndi ophunzira ake adafufuza zaka zingapo mpaka adapeza chimene chinkaletsa magaziwo kuundana. Kuchokera pamenepo adapanga mankhwala otchedwa warfarin, amene adayamba kugulitsidwa ngati ophera makoswe mu 1948. Ameneŵa sapha tsiku lomwelo. Khoswe amadya masiku angapo osamva kanthu, ndipo pamene akuyamba kufooka sadziŵa chimene chamupweteka. Chodabwitsa n'chakuti mu 1954 mankhwala omweŵa adavomerezedwa kupatsidwa kwa anthu, pa muyeso wochepa, kuti magazi asaundane m'mitsempha, ndipo mu 1955 Pulezidenti Dwight Eisenhower wa ku America adaŵalandira atadwala mtima.

Anthu adaganiza kuti nkhondo yatha. Koma mu 1958, patangopita zaka khumi, pa famu ina ku Scotland padapezeka makoswe amene ankadya warfarin osafa. Ochepa amene matupi awo adapirira ndiwo adatsala ndi kuswana, ana awo natengera kupirira komweko. Akatswiri adapanga mankhwala amphamvu koposa, monga brodifacoum, koma ameneŵa amakhalitsa m'chiŵindi cha khoswe, kotero kuti kadzidzi, mphaka kapena galu wodya khoswe woteroyo nayenso amafa. Potero timapha alonda amene ankatithandiza usiku popanda malipiro.

Makolo adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wofuna kumumenya amaswa mkhate wake womwe. Mwambi umenewu ndi woona kwambiri pa nkhani ya timapepala ta njere zakuda timene timagulitsidwa m'misika yathu ndi dzina lakuti tameki. Ameneŵa sadapangidwire makoswe. Ndi mankhwala a kumunda otchedwa Temik, ophera tizirombo ta m'nthaka, ndipo ali m'gulu la mankhwala oopsa koposa: pang'ono pokha pangathe kupha mwana. Amaikidwa m'nsima kapena m'nsomba, pansi, pamene mwana wokwaŵa amafika msanga kuposa khoswe. Ine ndidalipira nkhuku zitatu. Mabanja ena adalira maliro. Ngati mwana wadya mankhwala otero, thamangirani naye kuchipatala nthaŵi yomweyo, mutatenga kapepala kake kuti adokotala akaone.

Nanga chimene chidathandiza n'chiyani? Yankho lidachokera ku Baltimore, mzinda wa ku America, m'zaka za m'ma 1940. Akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins, mmodzi mwa iwo David Davis, adaŵerenga makoswe dera ndi dera. Adapeza kuti akapha ambiri ndi mankhwala, otsalawo amapeza chakudya chochuluka, amaswana msanga, ndipo pakapita miyezi chiŵerengero chimabwerera pamene chidali. Koma m'madera m'mene zinyalala zidachotsedwa, zimbudzi zidakonzedwa ndi mipanda yoola idagwetsedwa, makoswe adachepa ndipo sadachulukenso. Kuchuluka kwa makoswe pamalo kumatsata kuchuluka kwa chakudya ndi pobisala. Chigawo cha Alberta ku Canada chidatenga njira yotseka khomo: makoswe atafika pa malire ake a kuvuma mu 1950, boma lidaika alonda oyendera nkhokwe ndi makola onse a m'malirewo, lidaphunzitsa alimi, ndi kuletsa kuŵeta makoswe. Chifukwa cha khama limenelo makoswe sadakhazikike m'chigawocho.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Amene adayamba kumanga nkhokwe pamwamba pa miyala kapena mitengo, patali pang'ono ndi nyumba, pansi pake posesedwa, adali atazindikira kale. Alangizi a zaulimi adangowonjezapo: miyendo ya nkhokwe ikhale yotalika mita imodzi, uliwonse uvekedwe lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi kuti khoswe akakwera abwerere, ndipo pasakhale nthambi, makwerero kapena mpanda wokhudza nkhokweyo. Masiku ano ambiri timasunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba, ndipo potero taitanira khoswe kuchipinda. Ngati n'kotheka, chimanga chouma bwino chisungidwe m'nkhokwe yachitsulo kapena mumgolo wotseka. Ngati ndi matumba, akhale pa thandala, osakhudza khoma, kuti tsache ndi mphaka zizitha kuzungulira. Ufa, mtedza ndi mkute zikhale m'ziŵiya zovundikira, mbale zitsukidwe usiku womwewo. Mpata woloŵa chala chachikulu ndi khomo kwa mwana wa khoswe, ndipo kambeŵa kamaloŵa ngakhale poloŵa pensulo. Mipata yotero imatidwe ndi simenti kapena itsekedwe ndi lata, pakuti nsanza ndi mapepala amangoluma. Makolo adatinso khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Aŵiriwo ndi pachibale, tsono dzala likhale kutali ndi nyumba, lokwiriridwa, ndipo udzu wozungulira nyumba ulambulidwe. Zimenezi zikachitika, msampha ndi mphaka zimatsiriza ntchito yotsalayo. Ndipo poti khoswe sadziŵa malire a pakhomo, ntchitoyi imapindula mudzi wonse ukaigwira sabata imodzi, a mfumu atamema anthu.

Amayi aja nkhuku zawo ndidaŵabwezera mwezi utatha. Koma Loŵeruka la sabata lomwelo adanditumizira mdzukulu wawo, ndipo aŵirife tidakhoma thandala la mitengo, tidakwezapo matumba aja, ndi kukhomera lata kunsi kwa chitseko. Misampha idagwira makoswe anayi m'masiku otsatira, kenaka kudenga kudati zii. Chimanga chimene chidatsala chidandifikitsa mu Febuluwale.

Musanagone usiku uno, tengani nyale, muŵerame, muyang'ane kunsi kwa chitseko chanu.